BP ndi mtima ku Milange: mankhwala alipo, chovuta n'kupitiriza

Boma la Milange lili m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, koma moyo wake wa tsiku ndi tsiku umayang'ana ku Malawi. Tauni yake ili patsinde pa phiri la Tumbine, ndipo ukangoyenda pang'ono wafika pa mtsinje wa Muloza, womwe tsidya lake ndi boma la Mulanje. Ku Quelimane, likulu la chigawochi, ndi ulendo wa makilomita oposa 300 kudzera ku Mocuba, pomwe ku Blantyre ndi pafupifupi 100 chabe. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Amalankhula Chichewa ndi Chilomwe, amakwatirana, amayenderana pa maliro, ndipo amagula ndi kwacha kapena metikali malinga ndi yomwe ili m'thumba. Chimanga ndi nandolo zimawoloka pa njinga kupita ku msika wa Limbuli, odwala nawonso amawoloka kukafuna chithandizo. Tikamakamba za kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima kuno, tikukamba za banja limodzi lomwe likusamalidwa ndi maboma awiri.

Kukula kwa vutoli kunadziwika kalekale. Kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique wa mu 2005, yemwe anatsogolera ndi dokotala wa mtima Albertino Damasceno, anapeza kuti anthu 33 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera. Atabwereza mu 2014 ndi 2015, chiwerengerocho chinali chitafika pa 39. Ku Malawi, kafukufuku wofanana naye wa mu 2009 anapezanso 33 mwa 100. Chomvetsa chisoni kwambiri chili kuseri kwa manambalawa. Pa anthu 100 a BP yokwera ku Mozambique, omwe ankadziwa kuti ali nayo anali 15 okha. Mwa amenewo, theka ndiwo ankamwa mankhwala, ndipo omwe BP yawo inali itatsikadi anali ngati atatu. Enawo amalima, amatchova njinga, amaphika, amalera adzukulu, osadziwa kanthu.

Sadziwa chifukwa BP simveka m'thupi. Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwini wake, umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku ndi kupopa magazi okwana malita 5 pa mphindi munthu atangokhala. Namwino akakumanga lamba pamkono n'kukupatsa manambala awiri, ya pamwamba ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha pamene mtima wafinya, ya pansi ndi mphamvu yotsala pamene mtima wamasuka kuti udzazenso. Munthu wamkulu wabwinobwino amakhala cha pa 120/80. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, munthuyo atapuma kaye asanayezedwe, ndiye kuti BP ndi yokwera. Mutu kupweteka, chizungulire, mtima kugunda mofulumira ukakwiya kapena ukamva uthenga wa maliro, zonsezi sizizindikiro zodalirika. Alipo anthu omwe ali pa 190/110 koma akupalira m'munda osamva chilichonse.

Mphamvu imeneyi imadalira zinthu ziwiri, kuchuluka kwa madzi m'mitsempha ndi kuthina kwa timitsempha ting'onoting'ono tomwe magazi amadutsamo. Chiwalo chomwe chimayang'anira zonse ziwirizi kwa nthawi yaitali ndi impso. Impso zimasefa madzi a m'magazi okwana malita 180 pa tsiku, n'kubwezera pafupifupi onse m'thupi, ndipo ndizo zimasankha mchere woti utayidwe mu mkodzo ndi woti utsale. Zikaona kuti magazi akubwera mochepa, zimatulutsa renin, amene amayambitsa kupangika kwa angiotensin. Angiotensin amathinitsa mitsempha ndi kuitana aldosterone, amene amalamula impso kuti zisunge mchere. Mchere ukatsala umakoka madzi, magazi amachuluka, BP imakwera. Dongosolo limeneli ndi lopulumutsa moyo kwa munthu amene wataya magazi pa ngozi kapena amene akutsekula m'mimba. Limakhala mdani pamene mchere ukulowa wambiri tsiku lililonse, thupi likunenepa, mowa ukumwedwa, zaka zikupita ndipo mitsempha ikuuma. Madokotala anaonanso kuti anthu ambiri a mtundu wa mu Africa a BP yokwera amakhala ndi renin wochepa, kusonyeza kuti matupi awo akusunga kale mchere ndi madzi, ndipo akadya mchere BP yawo imakwera msanga.

Apa mpamene nkhaniyi imalowera m'khitchini mwathu. Bungwe la World Health Organization limati munthu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, womwe ndi osakwana supuni yaing'ono imodzi. Tsono taonani ndiwo ya masana pakhomo wamba la ku Milange. Pali bakayawo wochokera kunyanja, woyera mbuu ndi mchere womwe anaumitsira, moti ukamugwira umatsalira ku zala. Mayi amamutsuka kamodzi, kenaka mu mphika mulowa tomato, kaldo wa m'kapepala, ndi mchere wina wongowaza mwachizolowezi. Pambali pali therere lothira soda, yemwenso ali ndi sodium yemweyo wa mu mchere. Bambo akakhala pansi, asanalawe n'komwe, afunsa mbale ya mchere. Palibe amene walakwa dala. Mchere ndiwo firiji ya munthu wa kumudzi, ndipo ndiwo yochepa ikakhala ya mchere wambiri imakwanira nsima ya anthu ambiri. N'chifukwa chake uphungu wongoti "siyani mchere" sugwira ntchito. Wogwira ntchito ndi wonena zotheka: nsomba ya mchere inyikidwe m'madzi nthawi yaitali ndi kuwataya madziwo, pomwe palowa kaldo pasalowenso mchere, mbale ya mchere ichoke pamphasa, ndipo nyemba, nandolo, masamba ndi nthochi zichuluke, pakuti potassium wa m'zakudya zimenezi amathandiza impso kutaya mchere.

BP ikakhala pamwamba zaka zambiri, mtima umagwira ntchito ngati wakabaza wokwera chitunda ndi matumba atatu a chimanga tsiku lililonse osapuma. Poyamba minofu imakhuthala, ndipo munthu angaganize kuti ndi mphamvu. Koma khoma la chipinda cha kumanzere kwa mtima likakhuthala limauma, silimasuka bwino kuti magazi alowe, ndipo limafuna mpweya wochuluka kuposa womwe mitsempha yake ingabweretse. Pakapita zaka limafooka n'kufutukuka, ndiye pamene a chipatala amati mtima wakula. Magazi omwe mtima walephera kupopa amabwerera m'mbuyo, madzi n'kuyamba kudzadza m'mapapo. Munthu amachita befu pokwera kamtunda komwe kale ankakwera akuyankhula. Usiku amalephera kugona chagada, amadzidzimuka akubanika, amagona chokhala atatsamira khoma. Mapazi amatupa, ukadina ndi chala pamatsala kadzenje. Impso, poona kuti magazi akuchepa, zimayambanso kusunga mchere ndi madzi, motero zimaonjezera katundu pa mtima wotopa kale. Pabanja, kutupa kotereku nthawi zambiri kumaloza kwa mnansi kapena kwa wachibale yemwe mudakangana naye za malire a munda, ndipo miyezi yomwe ikanagwira ntchito imathera poyendayenda.

Ubongo ndiwo umavulala mwadzidzidzi. Timitsempha take timatha kutsekeka kapena kuphulika, ndipo ndiyo sitiroko: pakamwa kupotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi kufa, mawu kusamveka. Damasceno ndi anzake atawerenga odwala sitiroko a mu mzinda wa Maputo m'chaka chimodzi, kuyambira mu 2005 mpaka 2006, anapeza anthu 651. Oposa gawo limodzi mwa magawo atatu anali a mtsempha wophulika, chiwerengero chokwera kwambiri poyerekeza ndi ku Ulaya, ndipo pafupifupi theka la odwala onsewo anamwalira masiku 28 asanathe. Umu ndi mu likulu la dziko, momwe muli madokotala ndi makina ounikira mutu. Kusiyanitsa mitundu iwiri ya sitiroko kumafuna makina amenewo, ndipo n'kofunika, chifukwa asipirini amathandiza pomwe mtsempha watsekeka koma amaonjezera kutaya magazi pomwe waphulika. Kwa munthu wa kumudzi ku Milange, sitiroko yabwino kuichiza ndi yomwe yapewedwa. Impso nazo zimaonongeka mwapang'onopang'ono, ndipo zikaonongeka zimakwezanso BP.

Mabuku ambiri a za mtima analembedwa poganizira munthu wa ku Ulaya kapena ku America wa zaka 70, yemwe mitsempha ya mtima wake yatsekeka ndi mafuta. Kwathu kuno chithunzi ndi china. Kafukufuku wa THESUS-HF, wofalitsidwa mu 2012, anatsatira odwala 1,006 omwe anagonekedwa ndi mtima wolephera m'maiko 9 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique. Zaka zawo zinali 52 mwa avereji. Pa 45 mwa 100 alionse gwero linali BP, pa 14 anali matenda a mavavu a mtima oyamba ndi zilonda zapakhosi, ndipo kutsekeka kwa mitsempha ya mtima kunali pa osakwana 8. Zaka 52 ndi msinkhu wa munthu yemwe akulipira fizi, akulima, akusunga ana amasiye.

Nthenda ya mavavuyi ndi yomwe imandiwawa kwambiri mumtima, chifukwa imagwira ana ndipo imayamba ndi kanthu kochepa. Mwana amadwala zilonda zapakhosi zobwera ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus. Akapanda kulandira penisilini, mwa ana ena chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka, n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za m'miyendo ndi m'manja komanso mavavu a mtima. Mwana amatentha thupi, bondo limatupa lero, mawa chigongono, ndipo kunyumba amati ndi malungo. Zikabwereza kangapo, mavavu amachita zipsera, amalephera kutseka kapena kutseguka bwino. Mu 2007, gulu la madokotala linafalitsa zomwe linapeza litayeza ana a sukulu 2,170 ku Maputo. Pongomvetsera pachifuwa anapeza ana 2 pa 1,000 alionse, koma atagwiritsa ntchito makina ounikira mtima anapeza 30 pa 1,000. Mwana wopezeka msanga amatetezeka ndi jakisoni wa penisilini wa benzathine milungu itatu kapena inayi iliyonse kwa zaka zambiri. Wopezeka mochedwa amafunika opaleshoni, ndipo malo ngati Instituto do Coração ali ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Milange. Mtsikana wa mavavu oonongeka nthawi zambiri amadziwika atatenga pakati koyamba, pamene magazi achuluka ndipo mtima walephera kupirira.

Palinso nthenda zina zomwe sindizikhalitsa pano. Mtima wa mayi umatha kufooka chakumapeto kwa pakati kapena miyezi ingapo atachira. TB imatha kudzadza madzi m'kathumba kokuta mtima, makamaka mwa anthu omwe ali ndi HIV. Dokotala Ana Olga Mocumbi anaonetsa mu 2008 kuti ku Inharrime, kumwera kwa Mozambique, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu omwe anaunikidwa anali ndi zizindikiro za nthenda youmitsa m'kati mwa mtima yotchedwa endomyocardial fibrosis. Koma za mayi woyembekezera ziyenera kumveka bwino. BP yokwera pakati patapitirira milungu 20, pamodzi ndi mutu woopsa, kusaona bwino, kapena kutupa nkhope ndi manja, ndi ngozi ya tsiku lomwelo. Mayiyo angayambe kukomoka ndi kugwedezeka, ndipo chomupulumutsa ndi magnesium sulphate, mankhwala otsitsa BP, ndi kuchira msanga kuchipatala. Sikelo ya amayi oyembekezera yopanda makina oyezera BP ndi sikelo ya dzina lokha.

Tibwere ku mankhwala, komwe nkhani ndi yolimbikitsa. Mankhwala a BP ndi akale, odziwika, ndi otsika mtengo. Hydrochlorothiazide amathandiza impso kutaya mchere ndi madzi. Amlodipine ndi nifedipine amamasula makoma a mitsempha. Enalapril amatchinga kupangika kwa angiotensin, ndipo ndi wofunika kwambiri kwa wodwala shuga, impso kapena mtima wofooka, koma mayi woyembekezera sayenera kumwa, iyeyo amapatsidwa methyldopa kapena nifedipine. Anthu ambiri amafunika mitundu iwiri pamodzi. Funso loti iwiri iti linayankhidwa mu 2019 ndi kafukufuku wa CREOLE, yemwe anachitika pa anthu 728 m'maiko 6 a mu Africa, Mozambique ili momwemo. Anapeza kuti kuphatikiza komwe muli amlodipine kumatsitsa BP bwino kuposa komwe mulibe, zomwe zikugwirizana ndi nkhani ya renin wochepa ija. Kwa amene mtima wafooka kale, furosemide amachotsa madzi m'mapapo ndi m'miyendo, ndipo mankhwala ena amaupumitsa mtimawo kuti ukhalitse. Zovuta zake zilipo: amlodipine amatupitsa akakolo mwa ena, enalapril amayambitsa chifuwa chouma, a madzi aja amakodzetsa pafupipafupi, ndipo abambo ena amadandaula za mphamvu za kuchipinda koma amachita manyazi kunena. Zonsezi zili ndi njira, chifukwa mankhwala akhoza kusinthidwa, bola wodwala anene m'malo mongosiya. Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti bulufeni, indosidi ndi diclofenac, omwe alimi amagula pa okala akamva msana, amakweza BP ndi kupweteka impso akamamwedwa kawirikawiri.

Tsono ngati mankhwala alipo, anthu akufa bwanji? Mvetserani zomwe zimakambidwa pa benchi ya chipatala chilichonse cha m'malire muno. Namwino afunsa kuti, "Agogo, mankhwala aja mukumwabe?" Iwo ayankha kuti, "Ndinamaliza mwanangu, ndipo ndinachira. Mutu unasiya." Agogowo sakunama ndipo si osamva. Nthenda zonse zomwe akuzidziwa zimatero: malungo umamwa masiku atatu, chibayo masiku asanu, TB miyezi 6, kenaka basi. BP siichira. Mapilisi amaigwira tsiku lomwe amwedwa, akasiyidwa imabwerera mwakale m'masiku ochepa, ndipo mwini wake samva kuti yabwerera. Ngati palibe amene anawafotokozera zimenezi m'chilankhulo chawo, mofatsa, kangapo, vuto si lawo. Ena amathawira ku adyo, mandimu ndi mizu, ena amauzidwa ku mapemphero kuti kumwa mapilisi n'kusakhulupirira. Kupemphera ndi kumwa mankhwala sizilimbana, ndipo abusa ndi mashehe omwe amanena zimenezi poyera amapulumutsa anthu awo.

Ngakhale womvetsa bwino amakumana ndi khoma lina. Amalipira kabaza kuchokera kumudzi, kudikira mpaka masana, n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule ku famase. Mwezi wotsatira sabweranso. Malire amaonjezera zake. Munthu wayamba mankhwala ku chipatala cha Milange, khadi lake lalembedwa m'Chipwitikizi, kenaka wawoloka kupita ku Muloza kapena ku Mulanje Mission, komwe amupatsa buku la kuchipatala la Chingerezi ndi kumuyamba ngati watsopano. Zimachitika kuti kunyumba ali ndi timapepala tiwiri ta mankhwala amodzimodzi ooneka mosiyana, n'kumamwa onse, kapena kusiya ena poganiza kuti atsopanowa alowa m'malo. Nyengo nayo imadula njira. Namondwe Freddy atagwa mu Marichi 2023 anagumula misewu ndi milatho ku Zambezia, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo midzi ina inakhala yosafikika kwa milungu. Pa nthawi ngati imeneyo aliyense amaganiza za chakudya, kolera ndi malungo. Munthu wa BP yemwe mapilisi ake atsala a masiku anayi sakumbukiridwa.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti vuto ili tinalithetsapo kale pa nthenda ina. Zaka 25 zapitazo anthu ankati mlimi wa kumudzi sangathe kumwa mankhwala a HIV tsiku lililonse moyo wake wonse. Lero akumwa. Mu 2008, ku chigawo cha Tete, bungwe la Médecins Sans Frontières ndi a zaumoyo a m'chigawocho anayambitsa timagulu ta odwala ta anthu osapitirira 6 a mudzi umodzi, momwe mmodzi amapita kukatengera anzake onse mankhwala mosinthanasinthana. Timagulu timeneti, totchedwa GAAC, tinafalikira dziko lonse. Pambuyo pake kunabwera kupereka mankhwala a miyezi itatu kapena kuposa nthawi imodzi, kaundula wodziwa yemwe wajomba, ndi munthu womutsatira kunyumba. Ku Neno, ku Malawi, Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza mu 2015 chisamaliro cha HIV ndi cha BP, shuga, khunyu ndi mphumu pa kiliniki imodzi, kuti wodwala aliyense wa nthenda yokhalitsa alandire chisamaliro chofanana. Kuona mayi mmodzi akutenga ma ARV a miyezi ingapo pa windo lina, n'kuuzidwa pa windo loyandikana nalo kuti a BP abwere mwezi wamawa, n'chinthu chomwe sitiyenera kuchizolowera.

Zofunika ku Milange si zodula. Makina oyezera BP a mabatire akhoza kunyamulidwa ndi wazaumoyo wa kumudzi wa ku Mozambique kapena mlangizi wa zaumoyo wa ku Malawi, n'kuyeza anthu pa msika, pa tchalitchi, pa mzikiti ndi pa chipata cha Muloza, pomwe madalaivala ndi akabaza amadikira maola ambiri. Koma kuyeza kopanda mankhwala kumangoopseza anthu, choncho shelefu ya famase ndiyo iyambe kudzadza. Achipatala a mbali zonse ziwiri agwirizane pa ndondomeko imodzi yosavuta, yoti namwino aliyense adziwe choyamba ndi chiti, chachiwiri ndi chiti BP ikakana kutsika. Wodwala akhale ndi khadi limodzi lomwe lalembedwa tsiku, manambala ake awiri, dzina lenileni la mankhwala ndi mlingo wake, zomwe namwino wa ku Milange ndi wa ku Mulanje angawerenge mofanana. Mwana wa zilonda zapakhosi alandire penisilini, ndipo wa mavavu oonongeka alembedwe m'kaundula kuti akajomba jakisoni atsatidwe. Amene BP yake yakhazikika apatsidwe mankhwala a miyezi itatu, ndipo gawo la mu Disembala likwane mpaka mu Epulo, pamene mitsinje yochokera ku Tumbine ndi ku Mulanje imakhala itaphwa moti munthu angawoloke.